Nkhope Yosalala ya Pyo Okhui

Chimene wapolisi Sajeni Bong Yeonju anayamba kuchiona pa mtembowo si mwendo wotupawo ayi, koma masaya. Mayi wa zaka zopitirira makumi anayi, amene uchikulire wake wonse wathera padzuwa akunyamula ndodo za gofu za anthu olemera, sakhala ndi masaya osalala chotero. Akadi a m'mapiri a Hongcheon, azimayi operekeza osewera gofu aja, amadziwika ndi nkhope zawo. Avale chipewa chachikulu ngati lichero, adzikulunge nsalu n'kusiya maso okha, gimi imawapezabe: mawanga oderapo amene amayala m'masaya ndi pachipumi ngati tiyi wotayikira pa nsalu yoyera. Yeonju ankaidziwa bwino gimi. Anali nayo iye mwini, ndipo m'chikwama chake munali mapiritsi ake.

Koma nkhope ya Pyo Okhui inali see, kungotsala kamthunzi kochepa m'munsi mwa diso lamanzere.

Anali chigonere chagada pa matiresi oyala pansi, m'kachipinda kake ka m'nyumba yogona akadi, kuseri kwa bwalo la gofu. Mwendo wake wamanja, wotupa kuyambira m'bondo mpaka m'kakolo, unasanjikidwa pa mapilo awiri. Pambali pake panali thireyi, pathireyipo mbale ya phala la mpunga lodyedwa theka, yovundikira bwinobwino, ndi sipuni. Pa sinki panali mbale ina, yotsukidwa n'kuizondotsa kuti iume. Mankhwala munalibe m'chipindamo, kupatula zomata zoletsa kuphwanya kwa minofu zimene kadi aliyense amasunga. Pakhoma panapachikidwa diresi yatsopano yabuluu, ikadali m'pulasitiki yake.

Amene anamupeza anali mayi Eom, oyang'anira akadi, masana a tsikulo, ataona kuti foni yake ikungolira osayankhidwa.

M'khonde munaima mayi wamtali, wowonda, atavala yunifolomu ya ntchito, nsalu yotchinga dzuwa ikadali kumaso mpaka m'munsi mwa zikope. Anati dzina lake ndi Tak Sunrye, wa chipinda choyandikana nacho. Mayankho ake anali aafupi, otuluka movutikira kuseri kwa nsaluyo. Anati malemuwo anawaona komaliza dzulo lake madzulo. M'mawa anatuluka kusanache kukaperekeza gulu loyamba la osewera, ndipo sanagogode poopa kudzutsa wodwala. Za phala anati sakudziwa. Mwina mwini wake anadziphikira. Misozi sanagwetse. Ankangokoka zala za golovesi yake chimodzichimodzi, n'kuyambiranso.

Yeonju analemba zimenezo, koma mbale yachiwiri ija inamukhala pamtima. Munthu wa mwendo wotero saima pa chitofu, ndipo wodya yekha sadetsa mbale ziwiri. Zimenezi ankazidziwa popanda womuuza.

Patapita masiku angapo, dokotala wopima mitembo anamuimbira foni. Anati imfayo inabwera ndi magazi oundana amene anachoka m'mtsempha wa mwendo n'kukatseka m'mapapo, ndipo akanaitcha imfa wamba pakanapanda zinthu ziwiri. Choyamba, mayiyu anagonapo kale m'chipatala ndi vuto lomweli, mwendo womwewo. Chachiwiri, m'magazi mwake munali mankhwala otchedwa tranekisamiki asidi.

"Sindingalumbire kuti ndi amene amupha," anatero dokotalayo. "Koma munthu wa mbiri imeneyi, palibe dokotala wa mutu wabwino amene akanamupatsa. Mupeze anamupatsa ndani."

Yeonju anapisa dzanja m'chikwama, natulutsa kapaketi ka mapiritsi ake. Dzina lake linali lomwelo.

*

M'kachikwama ka malemu munali kakhadi ka chipatala china cha khungu cha mu mzinda wa Chuncheon, pamwamba pa shopu ya buledi. Mwini wake, Dokotala Yuk, anali mayi wachitsikana wolankhula mothamanga ngati kuti mawu aliwonse ali ndi wodwala amene akudikira panja. Yeonju asanakhale n'komwe, dokotalayo anali atamuyang'ana kale m'masaya.

"Inunso mukumwa, eti? Zikuoneka. Musasiye zodzola zotchinga dzuwa, apo ayi mungotaya nthawi. Khalani pansi."

Anafotokoza kuti mankhwalawo anapangidwira kuletsa kutaya magazi, kwa azimayi osamba kwambiri ndi kwa anthu ochitidwa opaleshoni, ndipo za gimi zinadziwika pambuyo pake. Kapiritsi m'mawa, kena madzulo, pakatha miyezi ingapo mawanga amayamba kuzilala. Ukasiya, nthawi zambiri amabwerera. Kwa anthu ambiri savuta. Koma mankhwala amene ntchito yake n'kugwiritsa magazi sungawapereke kwa munthu amene magazi ake anaundanapo kale. N'chifukwa chake funso lake loyamba kwa aliyense limakhala limenelo.

Okhui ankamukumbukira bwino. Anabwera maluwa atangoyamba kuphuka, atavala bwino, n'kunena mwamanyazi kuti akukwatiwa masamba akamayoyoka ndipo akufuna kuoneka ngati munthu pa zithunzi. Atatchula za mwendo, dokotalayo anamukaniza pomwepo, n'kumupatsa zodzola zokha.

Yeonju anafunsa ngati malemuwo sakanakagula okha ku famase, poti ena amagulitsidwa popanda chikalata cha dokotala.

"Akanatha, koma sindikhulupirira. Analira, inde, pampando mwakhalapowo. Kenako anapukuta misozi n'kunena kuti, 'Adokotala, imfa ndinaionapo kale ndi mwendowu. Bola ndikwatiwe ndi mawanga anga.' Anthu okakamira ndimawadziwa, amabwera tsiku lililonse. Uyu sanali wotero."

Yeonju anathokoza, naimirira. Ali pakhomo, dokotalayo anayankhulanso, maso ali pa kompyuta, ngati akudziyankhulira yekha. Anati n'zodabwitsa kuti nkhope ya Okhui inayera monga Yeonju anamuuzira, chifukwa zodzola zokha sizikanatha kutero.

"Chonsecho ndili ndi kadi wina wa bwalo lomwelo amene ndimamulembera mapiritsiwa mwezi ndi mwezi. Salumpha, sachedwa, sadandaula. Koma nkhope yake ili chimodzimodzi ngati tsiku loyamba. Ndinafika podzikayikira ndekha."

Ananyamula mutu, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu ake anachedwa kutuluka.

"Dzina sindingakupatseni popanda chilolezo cha khoti," anatero.

*

Yeonju anawapeza mayi Eom m'chipinda chopumira akadi, akusenda mbatata yootcha pa nyuzipepala. Anali mayi wojintcha, wa mawu ozolowera kuitana anthu ali kutsidya kwa phiri. Anamukankhira Yeonju mbatata ina osafunsa ngati akufuna.

Atafunsidwa kuti ndi akadi angati amene amapita kwa Dokotala Yuk, anaseka mpaka kutsokomola. Anati afunse kuti ndi angati amene sapitako. Makasitomala ena, makamaka madoda a mimba zawo, amachita kunena poyera kuti asawapatse kadi wa nkhope ngati pansi pa poto. Ndiye atsikana amamwa, amadzola, amakaotchedwa ndi makina, dzuwa likawomba zonse n'kubwerera.

Za Okhui ndi Sunrye anayankha asanamalize kufunsidwa.

"Awiri aja? Nsapato ndi sokosi, abwana. Anabwera kuno chaka chimodzi, bwaloli likadali latsopano. Wina akayetsemula, mamina amapukuta ndi mnzake."

Anati Okhui anali munthu wa anthu, woseka ndi aliyense, wodziwa mayina a ana a makasitomala. Sunrye ayi. Ntchito ankaigwira mosapatsa chifukwa, koma kunena naye kunali ngati kunena ndi chitseko. Pa tchuthi cha zokolola, anzake onse akamalimbirana matikiti a basi kupita kwawo, iye ankapempha kuti amuike pantchito. Pa zaka zonsezo palibe anabwerapo kudzamuona, ngakhale kumuimbira pa foni ya ku ofesi. Munthu wake anali Okhui basi.

Mwendo utatupa koyamba, zaka zingapo zapitazo, Okhui anatuluka m'chipatala chipale chofewa chitayamba kugwa, bwalo litatsekedwa, nyumba yonse ili zii. Sunrye anamusamutsira m'chipinda chake. Ankamusambitsa, kumupesa, kumubaya jakisoni wa pamimba, kumuyendetsa m'khonde atamugwira m'chiuno. Mayi Eom anati atabwera tsiku lina kudzaona mapaipi ngati sanaume ndi chisanu, anamva munthu akuimba m'chipinda, ndipo anachita kusuzumira kuti akhulupirire kuti ndi Sunrye.

Nanga ulendo uno? Mayi Eom anasiya kutafuna. Anati Okhui anayamba kutsimphina masiku angapo asanamwalire, ndipo iwo anamuuza kuti athamangire kuchipatala. Koma amene anayankha anali Sunrye. Anati ndi mnofu chabe, waupotokola pa chitunda, ndipo amuperekeza yekha tsiku lake lopuma likafika.

"Ndinamvera. Ndinati amene amaudziwa mwendowo ndi iyeyo. Ndikanangomuponya m'galimoto ine ndemwe."

Yeonju anafunsa za m'mawa wa tsiku la imfa, kuti gulu loyamba linanyamuka nthawi yanji.

"Gulu loyamba liti? Tsiku limene lija kunali chifunga choti sungaone chala chako. Ndinawatumizira uthenga onse kuti agone. Palibe anaponda udzu mpaka dzuwa litakwera."

"Ndi Sunrye yemwe?"

"Iyeyo ndiye anafika pomalizira. Ndinamukalipiranso, poti manja a malaya ake anali chinyowere, ngati wachokera kotsuka mbale."

*

Chakudya cha masana Yeonju anadyera m'galimoto, pambali pa msewu wotsikira kuchigwa: mpunga wokulunga m'ndere wogula pa shopu, ndi tiyi wa balere wozizira. Umu ndi mmene ankadyera masiku ambiri. Anzake a ku ofesi, amuna okhaokha, anasiya kalekale kumuitana akamapita kokamwa, ndipo iye anasiya kudikira. Mwamuna wake anamwalira mwana wawo ali ku sekondale. Mwanayo tsopano anali ku Busan ndi banja lake, ndipo ankaimba pa masiku a chikondwerero, mawu ake aulemu ngati a munthu wa ku banki. Kunyumba kwake Yeonju ankatsegula wailesi ya kanema akangolowa, osati kuti aonere, koma kuti m'nyumba mumveke munthu.

Mapiritsi anayamba kumwa miyezi ingapo yapitayo, mdzukulu wake atafunsa pa foni ya kanema kuti agogo adetsedwa ndi chiyani kumaso. Mawanga anazilaladi. Palibe anazindikira. Woyamba kunenapo kanthu anali Dokotala Yuk, m'mawa wa tsiku lomwelo.

Anatsitsa kagalasi ka m'galimoto, nadziyang'ana kwa kanthawi, kenako anakabweza. Chimene chinkamuvuta sichinali dzina la kadi wa dokotala uja. Limenelo khoti likanamupatsa mawa lake. Chinali chakuti Okhui ankadziwa kapena ayi. Ngati anapempha yekha mapiritsiwo kwa mnzake, unali mlandu waung'ono, wa chifundo chopusa. Ngati sanadziwe, inali nkhani ina.

Analiza galimoto, nalunjika ku munda wa maapozi wa mwamuna amene amati akwatire malemuwo.

*

Bambo Gil Manho anali pa makwerero, akuthyola maapozi omaliza. Anatsika pang'onopang'ono, navula chipewa, ndipo kalankhulidwe kawo kanali ngati katsikidwe kawoko. Anali bambo wa imvi, wamasiye, wa manja okhakhala. Okhui anadziwana nawo akamadzapereka maapozi ku khitchini ya bwalo la gofu. Kwa chaka chathunthu ankangoperekana moni, mpaka tsiku lina mayiyo anawafunsa ngati kunyumba kwawo kulibe singano, poti batani la jekete yawo linali likulendewera kuyambira chaka chatha.

Anati mawangawo iwo sankawaona n'komwe. Amene anawaona anali alongo awo, tsiku limene anapita naye kukamuonetsa. Mmodzi ananong'oneza mnzake, mokweza dala, kuti achimwene apeza wantchito wa m'munda osati mkazi. Okhui anamva.

"Ndinamuuza kuti, mayi, apozi wotsekemera ndi amene wapsa ndi dzuwa. Anaseka. Koma sizinamuchoke."

Yeonju anafunsa ngati anamuonapo akumwa mankhwala alionse. Bambo Gil anati mankhwala ayi, ankawaopa kwambiri. Ngakhale a chimfine ankayamba wawerenga kapepala kake. Ankangomwa mavitamini basi. Analowa m'nyumba, natuluka ndi kachitini ka maswiti kamene Okhui anakaiwala pa shelefu ulendo wake womaliza. Anali asanakatsegule. Anati ankangokagwira madzulo.

Yeonju anakatsegula. Munali timapaketi ta pulasitiki tomanga bwino, kalikonse ndi mapiritsi atatu: lachikasu, lina la mafuta a nsomba, ndi kena kakang'ono koyera. Anatulutsa paketi yake m'chikwama, nafinya piritsi limodzi, naliika pachikhatho pafupi ndi koyerako. Kukula kwake, kamzere kapakati, timalemba tosindikizidwa: zonse zinali chimodzimodzi.

"Awa ankawatenga kuti, bambo?"

"Amamukonzera ndi mnzake uja, a Sunrye. Amati ndi mavitamini a khungu ochokera kunja." Anamwetulira pang'ono, maso ali pa kachitiniko. "Ankanyadira kwambiri. Ankati, 'Dokotala anandimana mankhwala ake, koma taonani, mavitamini a achemwali achita zomwezo.'"

Kenako anayang'ana pachikhatho pa Yeonju, pa timapiritsi tiwiri tofananato, ndipo kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono, monga ankachitira chilichonse.

*

Dzuwa linali litapendeka pamene Yeonju anabwerera ku bwalo la gofu. Osewera anali atapita. Mayi Eom analoza kumtunda, kumene munthu mmodzi ankayenda yekha pa udzu wofiirira ndi thumba la mchenga paphewa, akukwirira timaenje tosiyidwa ndi ndodo za osewera. Imeneyi ndi ntchito imene akadi amagawana akaweruka, ndipo amaidandaula onse. Sunrye ankaipempha.

Anamuona wapolisiyo akubwera patali, koma sanasiye. Ankatapa mchenga, kuthira, kupondapo, kusuntha. Yeonju anayenda naye pambali kwa kanthawi. Mphepo ya kumapiri inali itayamba kuluma.

"Mayi Tak, tachotsani nsaluyo. Dzuwa lapita."

Sunrye anaima. Anaika thumba pansi, navula magolovesi, namasula nsaluyo kumbuyo kwa makutu. Gimi inali itayala masaya onse awiri, kudutsa pamphuno, kukwera mpaka pachipumi, yakuda bii ngati ya munthu amene sanamwepo kanthu chibadwire.

Yeonju anamuonetsa kachitini kaja. Anamuuza za chifunga, za mbale yachiwiri, ndi za dokotala amene ankadabwa ndi wodwala wake wokhulupirika. Anamuuzanso kuti ali ndi ufulu wokhala chete ndi wopeza loya. Sunrye anamvetsera ngati akumva za nyengo ya mawa. Kenako anakhala pansi pa udzupo, miyendo ataitambasula, ndipo anayamba kuyankhula, mawu ake ali phee, osayang'ana munthu.

Anati tsiku limene Okhui anapita kwa dokotala, iye anamuperekeza n'kudikira pa shopu ya buledi. Okhui anatsika maso ali ofiira, namufotokozera zonse, ndi chifukwa chake chomwe. Sabata yotsatira Sunrye anabwerera yekha, nalembetsa dzina lake. Nkhope yake inali umboni wokwanira, dokotala sanakayike. Mapiritsiwo ankawachotsa m'mapaketi awo n'kuwasakaniza ndi mavitamini enieni. M'mawa uliwonse ankagogoda pa khoma, Okhui n'kubwera ndi kapu yake ya madzi. Madzulonso chimodzimodzi.

Anati poyamba ankadziuza kuti ndi mphatso ya ukwati. Ndipo mawanga atayamba kuzilala, Okhui ankathamangira kwa iye ndi galasi m'manja, kumukumbatira, kumupsompsona pachipumi. Zimenezo zinali zoona, ndipo ankakondwera nazo.

"Koma za mwendo munkadziwa," anatero Yeonju.

"Ndani ankaudziwa mwendo umene uja kuposa ine?"

"Ndiye munkafuna chiyani?"

Sunrye anatapa mchenga m'thumba ndi dzanja, nausiya kuti udutse m'zala.

"Ndinkafuna utupenso. Pang'ono pokha, ngati kale. Ukwati uimitsidwe mpaka maluwa adzaphuke. Bambo aja ali ndi munda, ali ndi ana, ali ndi alongo awo. Akanadikira. Ine ndinkangopempha nyengo yozizira imodzi."

Anati mwendo utayamba kutupa anachita mantha, koma anasangalalanso, ndipo sakudziwa kuti chachikulu chinali chiti. Mapiritsi sanasiye kumupatsa. Kuchipatala ankafunadi kupita naye, koma ankadziwa kuti akangofika kumeneko bambo Gil abwera, akhala pampando wa pambali pa bedi, ndipo potuluka apita naye kwawo kumunda. Ndiye ankati mawa. Kukacha ankatinso mawa.

M'mawa wa chifunga uja anaphika phala, nadyera limodzi pansi, chitseko chotseka, kunja kuli mbuu ngati dziko lonse lachoka n'kuwasiya awiri. Okhui anadya pang'ono, naseka nkhani ya kasitomala wina, kenako anagwira pachifuwa n'kunena kuti mpweya ukuchepa.

"Anati, 'Achemwali, ndiperekezeni kuchipatala lero.' Ine ndinati, 'Mawa, mng'ono wanga. Tagona kaye.' Ndinamukonzera mapilo. Anandimvera. Ankandimvera nthawi zonse."

Chifunga chitayamba kuchoka anavundikira phala lotsala, natsuka mbale yake, natenga timapaketi tonse timene tinali pa shelefu, chifukwa mayi Eom ankati abwera kudzazonda wodwala. Anatseka chitseko mosamala kuti chisalire. Timapaketito anatitaya m'dziwe la pabwalo madzulo ake, atamva kuti Okhui wapita. Za kachitini ka kumunda sankadziwa.

Yeonju anadikira kuti mwina alira. Sanalire. Anangofunsa ngati angamalize kukwirira mzere umene anayamba, poti mawa anzake adzavutika nawo. Yeonju anati amalize. Anaima chapatali, manja m'matumba, akuyang'ana mayi wamtaliyo akutapa, kuthira, kupondapo, mpaka kukafika pa mtengo wa paini wa kumapeto. Kenako Sunrye anapinda thumba lopanda kanthulo bwinobwino, nabwerera yekha.

Unyolo sanamumange. Malamulo amati womangidwa akhale kumbuyo, ndipo apolisi akhale awiri, koma Yeonju anabwera yekha monga mwa masiku onse, ndipo anamutsegulira chitseko chakutsogolo. Akadi ena anaima pa mawindo a nyumba yogona, osatuluka. Mayi Eom anabweretsa jekete ya Sunrye, naiponya pa mpando wakumbuyo osamuyang'ana mwini wake, nabwerera.

Anatsika phirilo. Atadutsa geti, Sunrye anayankhula, maso ali kutsogolo.

"Kumene mukunditengeraku, m'chipinda amagona munthu mmodzi?"

Yeonju anati ayi. Amagona angapo, pansi, mapewa kugundana, moti ambiri amadandaula kuthinana ndi mkonono wa anzawo.

Sunrye anagwedeza mutu. Anatsamira mpando, naika manja pamiyendo, ndipo asanafike pa msewu waukulu anali atagona tulo, pakamwa pali pululu ngati mwana. Yeonju anachepetsa liwiro pa mabampu. Pa mphambano ya kuchigwa panali njira ziwiri zopita ku polisi ya ku Chuncheon, yachidule ya pa msewu waukulu ndi yakale, yaitali, yotsata mtsinje. Anayang'ana munthu amene ankapuma mofatsa pambali pakeyo, nakhotera ku yakale.